Mmene kolona inasamutsira ndalama zathu kuchoka m'thumba kupita mufoni

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu a m'tauni, dzulo ndagulitsa matumba awiri a soya, koma sindinagwire ndalama yapepala ngakhale imodzi. Foni inangolira kuti zalowa. Ndiye ndati ndikukumbutseni kumene zinachokera, poti ana athu aziyesa kuti zinali chonchi kuyambira kale.

Kale mwana akafuna kutumiza ndalama kuchokera ku Lilongwe ankapatsira kondakitala wa basi kapena munthu wobwera kumaliro. Banki inali ya aphunzitsi ndi alimi a fodya. Ukafuna kutapa ndalama unkalawirira kupita kuboma, n'kukaima pamzere wa ATM mpaka dzuwa kupendeka, mwinanso n'kumva kuti netiweki palibe. Airtel Money inabwera mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, koma ambirife tinkangoguliramo mayunitsi. Tinkati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndalama ndi imene ili m'manja.

Pa 2 April 2020 boma linalengeza kuti kolona yalowa m'Malawi. Lokodauni ya masiku 21 khoti linaiimitsa, komabe mantha anatigwira. Maulendo anachepa, maliro ankachitika mwachangu. Ku South Africa anali atatseka kale malire, ndiye a ku Joni amene ankapatsira katundu ndi ndalama pabasi anasowa njira. Anthu ankaopanso ndalama yapepala, poti imadutsa m'manja ambiri.

Mwezi womwewo Reserve Bank inagwirizana ndi makampani a foni kuti kwa miyezi itatu kutumizirana ndalama pa netiweki imodzi kukhale kwaulere. Mabanki nawo anatsitsa mitengo yotumizira ndalama pafoni ndi pa intaneti. Apa m'pamene zinatembenukira. Inu a m'tauni munazolowera kuswaipa khadi m'masitolo akuluakulu. Ife kuno makina oswaipira kulibe, khadi lathu linasanduka foni ya mabatani. Ngakhale chopereka cha kutchalitchi ena anayamba kutumiza pafoni.

Mabanki ataona kuti ndalama za anthu wamba zikuzungulira kwa ma ejenti, anadzidzimuka. Mo626 ya National Bank, Banki Pakhomo ya FDH ndi Bank Pafupi ya NBS zinayamba kumveka kwambiri, aliyense akukokera makasitomala kwake. Amene kale tinkawavulira chipewa pakhomo, lero ali ndi ejenti pa golosale ya pa tredingi, akutikopa kuti titsegule akaunti. Mpikisano umenewu watipindulira, tisaname.

Koma walira mvula walira matope. Miyezi yaulere ija itatha, kudula kunabwerera. Kutumiza adula, kutapa adulanso, ndipo kwa mlimi wa matumba awiri zimapweteka. Akuba nawonso analowa mufoni momwemo. Azakhali anga analandira uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", iwo n'kumayesa ndi mdzukulu wawo. Ya feteleza yonse inapita, chaka chimenecho chimanga chawo chinali chachikasu.

Ndiye inu a m'tauni, mukatumizira agogo ndalama muziwonjezerako yotapira, komanso muziimba kaye kuti amve mawu anu. Ife akumudzi, nambala yachinsinsi tisapatse munthu, ngakhale ejenti amene timapemphera naye. Ndipo musanatumize, funsani mtengo kuwiri kapena kutatu, poti tsopano iwowo ndi amene akutilimbirana.

Mawa ndikapita kudimba, tikumana madzulo.