Kodi Free Fire Inachokera Kuti?

Anzanga a m'kalabu, Loweruka lapitali pamsika wa Chintheche ndinapeza anyamata anayi ataunjikana pa foni imodzi, wina akukuwa kuti, "Thawa aise, zoni ikutseka!" Ndinaseka, kenako ndinadzifunsa: kodi magemu owomberanawa anayamba bwanji?

Tiyambire ku Japan mu 1978. Kumeneko Tomohiro Nishikado anapanga Space Invaders, gemu yowombera tizilombo totsika kumwamba. Makina a nthawi imeneyo anali ofooka. Tizilombo tikachuluka pa sikirini tinkayenda pang'onopang'ono, koma ukapha tambiri, totsalato tinkathamanga chifukwa makinawo apepukidwa. Mkuluyu anangozisiya choncho. Vuto lija linasanduka mchere wa gemu: ukamayandikira kuwina m'pamene mtima umagunda kwambiri.

Mu December 1993 kampani ya id Software ya ku Texas, ku America, inatulutsa Doom. Apa wosewera ankaona zonse ndi maso a msilikali, mfuti yokha ikuonekera m'munsi mwa sikirini. Zilombo zina ankachita kuziumba ndi manja ngati zidole, n'kuzijambula mbali zosiyanasiyana kuti zioneke ngati zikutembenuka. Nanga kagulitsidwe kake? Gawo loyamba linali laulere, munthu ankalitenga pa intaneti kapena kukopera kwa mnzake. Wofuna magawo otsalawo ankalipira. Kulawitsa kaye, ndalama pambuyo. Musaiwale mfundo imeneyi.

Mu 2017 kunabwera PUBG: anthu 100 kutsika ndi parachuti pachilumba, aliyense kudzifunira yekha zida, malo osewerera akucheperachepera mpaka atsale mmodzi. Chaka chomwecho kampani ya Garena ya ku Singapore inatulutsa Free Fire. Iwo anachepetsa osewera kufika 50, mpikisano umodzi n'kumatenga mphindi 10 zokha, zithunzi n'kuzipepuza kuti gemu iziyenda ngakhale pa foni yotchipa. N'chifukwa chake lero ku Kande kaya ku Mpamba mwana wa ka itel amatha kuwomberana ndi mnzake wa foni yodula. Monga zinalili mu 1978, kufooka kwa makina ndi kumene kwaumba maonekedwe a gemu.

Koma taonani bwino zovala zowala zija ndi mfuti zopentedwa mochititsa kaso. Anazijambula dala kuti ukaona mnzako wavala, nawenso usirire, ugule ma diamond. Ineyo chaka chomwe ndinkalemba MSCE ndinathera ndalama ya makope pa bando, n'kumadzinamiza kuti "kamodzi kokha basi" mpaka tambala kulira. Zotsatira zake sindizinena pano.

Sindikuti tisiye kusewera ayi, gemu ndi yokoma ndipo anthu anaikapo luso lenileni. Koma ife ndife ana a kunyanja, eti? Timadziwa kuti asodzi akayatsa nyali usiku, sikuti akufuna usipa uone njira. Tizisewera tikudziwa kuti nyaliyo wayatsa ndani.