Yehova kapena Chauta? Mbiri ya Dzina la Mulungu m'Baibulo Lathu

Mawu athu lero tikuwapeza pa Eksodo 3:13-15 ndi pa Machitidwe 17:10-12. Pa Eksodo, Mose akufunsa Mulungu dzina lake. Pa Machitidwe, Ayuda a ku Bereya amva ulaliki wa Paulo, koma tsiku ndi tsiku akubwerera ku Malembo kukaona ngati zimene walalikazo zilimodi. Ndime ziwirizi ndaziika pamodzi chifukwa cha kamkangano kamene kamafuka utsi m'mipingo yathu kuno ku Chipata, ku Katete ndi ku Mambwe.

Munthu akatsegula Salimo 23 m'Buku Lopatulika, mbusa wotchulidwamo ndi Yehova. Mnzake akatsegula salimo lomwelo m'Buku Loyera, mbusayo ndi Chauta. Alipo akulu ena amene akamva dzina lachiwirili amagwetsa nkhope, amati limanunkha nsembe za pansi pa mtengo wa msolo. Aliponso achinyamata amene amaseka buku lakalelo kuti Chinyanja chake n'cha agogo. Tisanagamule mlanduwu, tiyeni tifunse kumene mabukuwa anachokera, pakuti safunsa anadya phula.

Nkhondo ya Angoni ndi Angerezi itatha mu 1898, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anafika m'dziko la Mpezeni. Abusa Smit ndi Hofmeyr anatsegula mishoni ya Magwero mu 1899, ndipo ya Madzimoyo inatsatira mu 1903. Chaka chomwecho ansembe a Chikatolika a White Fathers anakhazikika ku Kachebere, pamalire athu ndi Malawi. Ife a Anglican tinabwera pambuyo. Bishopu John Hine atapatsidwa dayosizi yatsopano ya Northern Rhodesia mu 1910, ntchito ya ku Msoro inayambidwa ndi wansembe Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, amene anamwalira konko ku Msoro mu 1913.

Onsewa anafika kuno Baibulo lathunthu la m'Chinyanja lisanatuluke. Akhristu oyamba a ku Magwero ndi ku Msoro anabatizidwa atangomva zigawo za Malembo, nyimbo ndi katekisimu. Baibulo lonse linabwera pambuyo, ndipo silinabwere limodzi. Wansembe wa Anglican William Percival Johnson anamasulira m'Chinyanja cha ku Likoma, ndipo ntchito yake inatuluka yathunthu mu 1912. Mbusa William Murray wa ku Mvera ndi Nkhoma, mothandizana ndi amishoni a ku Scotland ndi aphunzitsi akuda amene ankadziwa kukoma kwa chinenero chawo, anatsogolera ntchito imene inabala Buku Lopatulika mu 1922. Akatolika analandira Malembo Oyera mu 1966, ntchito ya Bambo Louis Villy. Kenaka mu 1998 kunatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira atakhala pamphasa imodzi, ndipo mmodzi wa alangizi ake anali Dr Ernst Wendland wa ku seminale ya Lutheran ku Lusaka.

Taonani, abale anga: buku lililonse mwa amenewa lili ndi chaka chake ndi manja amene analigwira. Mawu a Mulungu sasintha, koma mawu a Chinyanja owanyamula anasankhidwa ndi anthu, amene ankapemphera, kukangana ndi kufufuta asanagwirizane. Dzina la Mulungu linali limodzi la mawu owavuta kwambiri, ndipo vutolo silinayambire kuno.

M'Chihebri, dzina limene Mose anauzidwa limalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH, ndipo limapezeka koposa ka 6,000 m'Chipangano Chakale. Ahebri akale polemba sankaika mavawelo. Patapita nthawi, Ayuda analeka kulitchula dzinalo chifukwa cha ulemu, monga mmene mkamwini wa kwathu kuno sangatchule dzina la apongozi ake. Akalipeza powerenga ankanena kuti Adonai, ndiko kuti Ambuye. Pamene Ayuda a ku Alexandria anayamba kumasulira Malembo m'Chigriki, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, mwambo wonena kuti Ambuye unalowanso m'chinenerocho, ndipo alembi a Chipangano Chatsopano anautsata ndi liwu lakuti Kyrios.

Pakati pa zaka za 600 ndi 1000 Yesu atabadwa, akatswiri achiyuda otchedwa Amasoreti, ambiri a iwo a ku Tiberias, anaika timadontho ta mavawelo m'Baibulo la Chihebri. Atafika pa zilembo zinayi zija anaikapo mavawelo a Adonai, kuti akumbutse wowerenga kunena kuti Ambuye. Akhristu a ku Ulaya pambuyo pake anawerenga zilembozo pamodzi ndi mavawelo obwerekawo, ndipo panatuluka liwu lakuti Jehovah. William Tyndale analiika m'Chingerezi mu 1530, ndipo kwa ife linafika ngati Yehova. Akatswiri ambiri masiku ano amati katchulidwe koyambirira kanali pafupi ndi Yahweh. Chidutswa chake timachiimba Sabata lililonse tikamati Aleluya, ndipo timachimvanso kumapeto kwa maina ngati Eliya, Yesaya ndi Yeremiya.

Tsono dzina la Yehova, limene ambirife tinayamwira, si mmene Mose analitchulira. Kodi pamenepa titi amayi athu amene anafa akuitana Yehova ankaitana mphepo? Iyayi. Mulungu samva katchulidwe, amamva mtima, ndipo dzinalo layeretsedwa ndi misozi ya mibadwo ya anthu opemphera. Koma sitingalisandutse ndodo yokwapulira anzathu ngati kuti linagwa kumwamba lili chomwecho.

Nanga Chauta? Omasulira Buku Loyera anafuna dzina lenileni, osati udindo chabe, limene Mchewa akalimva adziwe kuti akutchulidwa Mwini moyo, wopereka mvula, wosamala anthu ake. Makolo athu anali ndi maina angapo: Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi, Chauta. N'zoona kuti dzina la Chauta linkamveka pa nsembe za mvula, monga ku kachisi wa Makewana ku Msinja, pafupi ndi mapiri a Dzalanyama. Amene amadandaula sakunama pa mbiriyo. Koma ndiwafunse mwaulemu: nanga dzina lakuti Mulungu linabwera pa sitima? Smit ndi Kamungu analipeza kale m'kamwa mwa makolo athu. Ngati Chauta ndi wodetsedwa chifukwa anatchulidwa uthenga usanafike, ndiye kuti Mulungu nayenso tim'chotse m'Baibulo.

Malembo enieniwo anachita zomwezi. Liwu la Chihebri lakuti El, limene lili m'maina ngati Israele ndi Betele, Akanani ankatchulira mulungu wawo wamkulu, monga zikuonekera m'zolemba zakale zimene zinayamba kufukulidwa ku Ugarit m'dziko la Syria mu 1929. Pa Genesis 14, Melikizedeki mfumu ya ku Salemu akudalitsa Abramu m'dzina la El Elyon, Mulungu Wam'mwambamwamba, ndipo Abramu sakulikana dzinalo, koma akulilumikiza ndi dzina la Mulungu amene anamuitana. Atumwi polalika kwa Agriki anagwiritsa ntchito liwu lakuti theos, lomwe Agrikiwo ankatchulira milungu yawo. M'chaputala chomwecho cha anthu a ku Bereya, Paulo ali ku Atene akuyamba ulaliki wake ndi guwa la mulungu wosadziwika. Uthenga ukafika pamudzi sumanga chinenero chatsopano. Umatenga mbiya imene waipeza, kuitsuka, ndi kuthiramo madzi amoyo.

Phunziro la mbiri imeneyi silithera pa dzina lokha. Akulu anati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo n'zoona: miyambo ya mpingo si zinyalala. Koma pa Marko 7 Yesu anadzudzula Afarisi chifukwa mwambo wawo wa Korbani unkalola munthu kumana makolo ake thandizo ponena kuti chuma chake wachipereka kwa Mulungu. Mwambo unali utameza lamulo limene unayenera kulitumikira. Choncho mwambo uliwonse tiulemekeze, koma tiufunsenso kuti unachokera kuti, ndipo ukutumikira yani.

Zaka zanga zonse za m'kalasi ndinkauza ana kuti chiganizo sachidula pakati. Baibulo nalonso n'chimodzimodzi. Musanagwire vesi, funsani mafunso atatu: akulankhula ndani, akulankhula kwa yani, ndipo kunali kutachitika chiyani? Tengani chitsanzo cha Malaki 3, ndime imene imawerengedwa kawirikawiri mbale ya zopereka ikamayenda. Mneneriyo ankalankhula kwa Ayuda obwerera ku ukapolo wa ku Babulo, pamene nkhokwe za Kachisi zinali zopanda chakudya. Mukabwerera pa Deuteronomo 14:28-29 mupeza kuti chakhumi cha chaka chachitatu chinkadyedwa ndi Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Kupereka n'kwabwino ndipo mpingo sungayende popanda zopereka. Koma amene waopseza mayi wamasiye ndi temberero kuti apereke thumba lake lotsiriza la chimanga wawerenga vesi, sanawerenge buku.

Pempho langa ndi ili. M'mabwalo a amayi, m'magulu a achinyamata ndi pa mapemphero a m'nyumba, ikani Buku Lopatulika ndi Buku Loyera pamodzi. Agogo awerenge lawo, mdzukulu awerenge lake, chaputala chonse osati vesi limodzi. Pamene mabukuwo asiyana, musakwiye, imani pomwepo ndi kufunsa chifukwa chake. Mukasowa yankho, pitani nalo funsolo kwa abusa kapena ansembe anu, ndipo ife otsogolera tisamaone wofunsa ngati woukira. Luka sanawadzudzule anthu a ku Bereya chifukwa choyesa mawu a mtumwi. Anawayamikira, ndipo akuti ambiri a iwo anakhulupirira.

Tipemphere. Mulungu wa Abrahamu, Inu amene makolo athu anakufunani m'mdima ndipo munadziulula kwa ife mwa Yesu Khristu, tikuyamikani chifukwa cha onse amene anatopa kuti timve Mawu anu m'chinenero chathu. Tipatseni mtima wofunsa modzichepetsa ndi makutu omvera, kuti dzina lanu lisatigawe koma litisonkhanitse. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.