Mbale Yopanda Kanthu pa Tsiku la Akavalo

Chaka chimene ndinkaphunzira ku Melbourne, mayi wina wachikulire woyandikana nane anandiitana kukaonera mjaha wa akavalo pa TV kunyumba kwawo. Anandiuza kuti ndibwere ndi mbale. Ndinaganiza kuti mbale zawachepera, choncho ndinatsuka yanga n'kuitenga ilibe kanthu. Nditafika ndinapeza kuti alendo onse anyamula mbale zodzaza ndi makeke. Kumeneko, kubwera ndi mbale kumatanthauza kubwera ndi chakudya chogawana. Ine amene ndimadyera ntchito yomasulira mawu, ndinagwidwa ndi mawu atatu okha. Mayiwo anaseka mpaka misozi, kenako anati ndikhale pansi ndidye.

Linali Lachiwiri loyamba la Novembala, tsiku la Melbourne Cup. Mjahawu unayamba mu 1861 pa bwalo la Flemington, m'mbali mwa mtsinje wa Maribyrnong. Pa nthawiyo mzindawu unali utalemera mwadzidzidzi ndi golide amene anapezeka ku Victoria mu 1851, ndipo anthu anali ndi ndalama zobetcha. Kavalo wotchedwa Archer ndiye anapambana, n'kudzapambananso chaka chotsatira. Lero akavalo osapitirira 24 amathamanga mamita 3,200, ndipo kavalo wodziwika kuti ndi wamphamvu amamusenzetsa katundu wolemera kuposa anzake kuti onse akhale ndi mwayi. Mjaha wonse umatha pa mphindi zitatu ndi masekondi ochepa, koma mu Melbourne tsiku lonse ndi la tchuthi. Mu 1930, anthu ambiri atachotsedwa ntchito chifukwa cha kugwa kwa chuma, kavalo Phar Lap anapambana n'kukhala chitonthozo cha dziko. Atafa mu 1932 anamugawana ngati nyama ya pa zikondwerero: chikopa chili ku Melbourne, mtima ku Canberra, mafupa ku Wellington m'dziko la New Zealand komwe anabadwira.

Komabe maso anga anali patebulo. Choyamba kuchizindikira chinali sikono. Mawu amenewa ife tinawabwereka kwa Azungu a ku Britain, ndipo anthu a ku Australia anatengera komweko mwambo wa tiyi wamasana. Sikono yawo ndi yaing'ono, yofumbutuka, amaidula pakati n'kupakapo jamu ndi kirimu. Bungwe la amayi akumidzi la Country Women's Association, lomwe linayamba mu 1922, limatchuka ndi masikono amene limagulitsa pa ziwonetsero zaulimi pofuna ndalama zothandizira mabanja akutali ndi tauni. Panalinso mabisiketi a Anzac, opangidwa ndi oats, ufa, batala, kokonati ndi manyuchi a nzimbe, opanda dzira kuti asaonongeke msanga. Dzina lawo limakumbutsa asilikali a Australia ndi New Zealand amene anafika ku Gallipoli pa 25 Epulo 1915.

Chimene chinandigwira mtima ndi lamington, keke yofewa yodulidwa timabokosi, yoviikidwa mu chokoleti kenako n'kugubuduzidwa mu kokonati wopala. Dzinali limachokera kwa Lord Lamington, bwanamkubwa wa Queensland kuyambira 1896 mpaka 1901. Nditabwerera kuchipinda changa ndinayamba kuwerenga za Queensland ya nthawi imeneyo, pofuna kudziwa kuti shuga wa makeke otere ankalimidwa ndi yani.

Pakati pa 1863 ndi 1904, anthu masauzande makumi angapo anatengedwa pa zombo kuchokera ku zilumba za m'nyanja ya Pacific, makamaka Vanuatu ndi Solomon Islands, kukagwira ntchito ku Queensland, ambiri m'minda ya nzimbe. Ena anachita kubedwa, ena ananyengedwa, ena anavomera mgwirizano wa zaka zitatu wolandira mapaundi 6 pa chaka. Ambiri anafera komweko ndi matenda. Mu 1901, chaka chimene madera a Australia anagwirizana kukhala dziko limodzi, nyumba ya malamulo yatsopanoyo inakhazikitsa lamulo lothamangitsa anthuwa pofuna kuti dzikolo likhale la Azungu okhaokha. Kuyambira kumapeto kwa 1906 masauzande anakwezedwa zombo kubwezedwa kwawo. Zidzukulu za amene anatsala zilipobe ku Mackay ndi Bundaberg, ndipo boma linawazindikira ngati mtundu pawokha mu 1994. Munthu wochokera ku dziko limene agogo ake anadziwa thangata m'minda ya Azungu ku Thyolo ndi Mulanje safunika kumasuliridwa nkhani yotereyi.

Bwalo la mjaha nalo lili ndi zake. Flemington ili pa nthaka ya anthu a mtundu wa Wurundjeri, eni dera amene analandidwa malo kuyambira 1835. Frank Reys, amene anapambana mu 1973 atakwera Gala Supreme, anali ndi magazi a eni nthaka a ku Queensland, koma pa ntchito yake ankadziwika ngati Mfilipino, potengera mbali ya bambo ake. Mkazi woyamba kupambana, Michelle Payne, anachita zimenezi mu 2015, patatha zaka 154. Akavalo nawo amalipira: awiri anafa pa mjaha woyamba weniweniwo, ndipo Anthony Van Dyck atathyoka mwendo n'kuphedwa mu 2020, anthu okana tsikuli anakweza mawu kwambiri.

Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake. Masana amenewo ndinaponya madola awiri m'chipewa n'kutola kapepala ka dzina la kavalo, monga amachitira m'maofesi ndi m'nyumba zambiri. Itakwana 3 koloko tonse tinaimirira, kukuwa ngati tikuonera mpira. Kavalo wanga anafika kumapeto kwenikweni. Potsanzikana, mayi aja anatenga mbale yanga ija n'kuikamo ma lamington anayi, nati mbale siibwerera chabe. Kwathunso timatero. Ndinadya awiri usiku womwewo, ndipo enawo ndinawamaliza m'mawa mwake ndikuwerenga za anthu a ku Vanuatu amene ankadula nzimbe ku Mackay.