Funso la ndalama limene anthu amalizemba

Kalembera ndi wakalekale. Aroma ankawerenga anthu pamodzi ndi chuma chawo kuti adziwe msonkho wowakhometsa, ndipo ine ndimakhulupirira kuti mantha a funso la ndalama anayambira pomwepo. Wofunsa za m'thumba ankabwera msonkho uli pambuyo pake.

Ku America funso la malipiro linalowa m'kalembera mu 1940. Phungu Charles Tobey wa ku New Hampshire analikana kwamtuwagalu, mpaka boma linalola kuti wosafuna kuuza wolembera alembe yekha n'kumata mu envulopu. Pofika 1962, a kafukufuku wa Current Population Survey anayamba kudzaza mipata ya osayankha pobwereka yankho la munthu wina wofanana msinkhu ndi ntchito, ndipo pambuyo pake katswiri wina, Donald Rubin, anakometsa masamu odzazira mipatayi. Ndi ntchito yabwino, komabe n'kusoka chigamba nsalu itang'ambika kale.

Chimene chimandigwira mtima chinachitikira ku yunivesite ya Michigan. Mu 1984, pofunsa za chuma cha mabanja, a Panel Study of Income Dynamics sanagonje munthu akati "sindikudziwa". Wofunsa ankatchula yekha chiwerengero: kodi n'zoposa apa? Akavomera, ankakweza, akakana, ankatsitsa. Mafunso awiri kapena atatu, malire apezeka. Taonani ulemu wake! Ambiri okana sabisa kanthu, kungoti chiwerengero chenicheni sachisunga m'mutu, ndipo wobisayo savutika kunena "inde" chabe. Thomas Juster anaika njirayi pamtima pa kafukufuku wa Health and Retirement Study mu 1992, ndipo mu 1997 iye ndi James Smith anasonyeza kuti oyankha motere nthawi zambiri anali olemera kuposa mmene kudzaza mipata kukanawayesera. Chilema chilipo, chifukwa chiwerengero choyamba chimakokera yankho kumbali yake. Ngakhale zili choncho, ulemu waukulu ndimaupereka kwa Juster, poti iye anabwerera kwa mwini ndalamayo.

Kwathu kuno vuto lili penanso. Mlimi wa ku Mchinji amagulitsa mtedza kamodzi pachaka, ganyu wina amalipidwa ufa, mwana wa ku Joni amatumiza zikamuyendera. Mukamufunsa mlimiyo za pamwezi, ayankha chiyani? N'chifukwa chake ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, imene yachita kafukufuku wa mabanja kuyambira 1997, imayesa umphawi poona zimene banja lagwiritsa ntchito. Wofunsa amakhala pamkeka n'kufunsa mayi za masiku 7 apitawa: ufa, usipa, mchere, mafuta ophikira, zogula ndi zokolola okha. Zimenezo mayi amazitchula mosachita kuganiza, mpaka kutenga mbale yoyezera kuti aonetse.