Kambalame kotchedwa dzina la Thyolo

Mu 1927, katswiri wa mbalame wa ku London, William Lutley Sclater, anatcha dzina kambalame kena kochokera ku Nyasaland kuti Alethe choloensis. Masiku amenewo azungu ankalemba "Cholo" m'malo mwa Thyolo, ndiye phiri lathu lija linalowa m'mabuku a sayansi ndi dzina lopotokalo. Lero okonda mbalame amangoti Thyolo alethe.

Sikambalame kokongola modabwitsa ayi. Msana ndi wofiirira, pakhosi poyera, kumapeto kwa mchira kuli timawanga toyera. Kamakhala pansi mumthunzi wa nkhalango zowirira za m'mapiri, ndipo kali ndi nzeru zake: kamatsata linthumbu. Linthumbu likamayenda pamzere, tizilombo tonse tobisala m'masamba timabalalika, iko n'kumangotola. Kudya kwaulere, eti? Koma apa ndi pomwe pagona vuto lake. Nkhalango ikatha, chinyezi ndi mthunzi zimapita, ndipo kambalameka sikadziwa kukhala m'munda wa chimanga kapena wa tiyi.

Nkhalango ya paphiri la Thyolo inagwa mofulumira kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Anthu anadula mitengo n'kutsegula minda mpaka pamwamba. N'zosavuta kuwanyoza tili m'tauni ndi foni m'manja, koma tisaiwale kuti malo abwino ambiri a m'bomalo anatengedwa ndi maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda. Banja lopanda munda limakwera phiri, basi. Chopweteka n'choti timagawo ta nkhalango tomwe tinapulumuka kumeneko ndi tija ta m'malo a maesiteti omwewo, monga ku Satemwa.

Nkhani inatembenukira kutsidya kwa malire. Mu 2005, wasayansi Julian Bayliss akuyang'ana zithunzi za Google Earth anaona chigawo chobiriwira kwambiri paphiri la Mabu, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique. Mu 2008 gulu la akatswiri, mothandizidwa ndi a Kew ku Britain, linakafikako n'kupeza nkhalango yaikulu yosakhudzidwa ndi nkhwangwa, Thyolo alethe ali momwemo. Manyuzipepala akunja anati nkhalango "yatulukiridwa". Anthu a m'mphepete mwa Mabu ankaidziwa kalekale. Ena mwa iwo anabisalamo pa nkhondo ya pachiweniweni yomwe inatha mu 1992. Kambalameka kamapezekanso ku Namuli ndi ku Chiperone, konko ku Mozambique.

Kuno kwathu, ofuna kukaona amapita ku Mulanje, makamaka kuchigwa cha mtsinje wa Ruo. Magalasi oonera patali amathandiza, koma oyendetsa alendo odziwa ntchito amayamba ndi kuyang'ana pansi, kufunafuna mzere wa linthumbu. Mukaupeza, lowetsani buluku m'sokosi, imani chapambali, khalani chete. Linthumbu likakukwerani musakuwe, mungathawitse mbalame.