Makomiti oteteza nsomba ku Nkhata Bay ndi nkhani ya mafuta a m'nyanja: zoyenera kudziwa

Makomiti oteteza nsomba ndi magulu a anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja amene anadzipereka kuyang'anira kagwiridwe ka nsomba m'dera lawo popanda malipiro. M'boma la Nkhata Bay ntchitoyi inayamba kukula mu 2012, pamene bungwe la Ripple Africa linayambitsa pulojekiti ya Fish for Tomorrow mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nsomba, mafumu ndi khonsolo. Bungweli linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo likulu lake lili kwathu kuno ku Mwaya, kummwera kwa Chintheche. Ntchitoyi inayambira pa kachigawo kochepa ka gombe, kenaka inafalikira boma lonse mpaka ku Nkhotakota, Salima ndi madera ena.

Vuto lake n'chiyani?

Chambo sichiswana ngati usipa. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi chimanyamula mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima pang'ono, kenaka chimakawasiya kosaya, m'mabango. Tiana timeneti, timene timatchedwa kasawala, timakulira pomwepo. Ndiye munthu akakoka neti ya udzudzu pagombe, sagwira ndiwo za lero zokha, amakokolola chambo cha chaka chamawa ndi cha chaka chinacho. Ukagwiranso mayi ali ndi ana m'kamwa, wapha banja lonse kamodzi.

Onjezanipo maukonde a monofilamenti, aja oonekera ngati pulasitiki. Ndi otchipa, koma akaduka n'kutsalira m'madzi saola msanga, amangopitiriza kukola nsomba zimene palibe adzadye. Asodzi nawonso achuluka kwambiri chifukwa ntchito zina kulibe. Zotsatira zake zinaonekera poyera mu 2018, pamene bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Makomitiwa amachita chiyani?

Mphamvu zawo zimachokera m'lamulo la za nsomba la 1997, limene limalola anthu a m'midzi kutenga nawo mbali posamalira nsomba, komanso m'malamulo ang'onoang'ono amene khonsolo ndi mafumu anagwirizana. M'komiti mumakhala asodzi, amayi ogulitsa nsomba ndi anthu ena amene sapalasa n'komwe bwato. Izi n'zadala: asodzi okhaokha angamachitirane manyazi.

Ntchito zawo zikuluzikulu ndi izi: kulondera malo oswanirana nsomba kuti pasaponyedwe ukonde, kulanda maneti a udzudzu ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, kuonetsetsa kuti nyengo yotseka nyanja, imene imayamba pa 1 Novembala, ikutsatidwa, ndi kuphunzitsa anthu chifukwa chake. Wolakwa amakamutula kwa mfumu kapena kwa alangizi a za nsomba, ndipo amalipira chindapusa.

Si ntchito yophweka ayi. Amene ukumulanda neti ndi mlamu wako, kapena munthu amene mumapemphera naye mpingo umodzi. Iye amakufunsa kuti ana ake adya chiyani madzulo ano, ndipo funsolo ndi loona. Palinso asodzi obwera kuchokera kutali amene sadziwa malamulo a dera, kapena amawadziwa koma sawasamala. Komiti yopanda mfumu yolimba kumbuyo kwake imatopa msanga.

Koma kutseka nyanja si nzeru yobwera ndi azungu. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a banja la Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero malowa amatchuka ndi utaka.

Nanga za mafuta zija?

Mu 2011 boma linapereka ziphaso zofufuza mafuta kumpoto kwa nyanja ku kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum, ndipo madzi a kwathu kuno anali m'dera lomwelo. Nkhaniyi inadzutsanso mkangano wa malire ndi Tanzania mu 2012. Makampani ena monga RAK Gas ndi Hamra Oil analowanso, ndipo mu 2014 boma linaimitsa kaye ziphasozo kuti liunike momwe zinaperekedwera. Mabungwe a za chilengedwe anadandaula, chimodzimodzi UNESCO, imene inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Mantha ake ali ndi maziko. Nyanja yathu imafika pafupifupi mamita 700 kuya, ndipo ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire. Madzi ambiri amachoka pouma ndi dzuwa, osati poyenda. Choncho mafuta akatayika mulibe mafunde a nyanja yamchere oti awamwaze, amakhala momwemo zaka zambirimbiri. Ngozi ya Deepwater Horizon mu 2010 inatenga dziko la America pafupifupi miyezi itatu kuti chitsime chitsekedwe, ndi zida zawo zonse zija. Ife tingatani? Ofuna mafuta amati dziko likufunika ndalama zakunja ndi ntchito, ndipo akunena zoona. Funso ndi lakuti atatayika, adzalipire ndani, chifukwa woyamba kugona ndi njala adzakhala wa chilimila ndi mayi woyanika usipa pathandala.

Kwina anthu wamba anayesapo kuletsa zoterezi. Mu 2015 anthu odzipereka anatsekereza ndi timabwato tawo chida chokumbira mafuta cha Shell ku Seattle, chimene chinkapita kunyanja ya madzi oundana ya Arctic. Chaka chomwecho Shell inasiya ntchitoyo, ngakhale chifukwa chimene inapereka chinali chakuti mafuta anapezeka ochepa.

Mungatengepo mbali bwanji?

Musagule kasawala kapena chambo chaching'ono, ngakhale chitchipe bwanji. Wogula akasowa, wokoka neti amasiya. Neti ya udzudzu ikhale kuchipinda. Mukaona ukonde pamalo oswanirana, uzani komiti kapena amfumu. Ndipo pakadzaitanidwa msonkhano wa za mafuta, pitani mukafunse kuti lipoti lounika chilengedwe lili kuti komanso analemba ndani.