Kutakataka, Masewera ndi Nyonga: Mawu Ofunika kwa Ophunzira Unamwino Kumidzi

Ophunzira unamwino, kuphatikizapo a pa Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, amatumizidwa kumidzi kukaphunzira unamwino wa m'madera, ndipo kumeneko amayendera mabanja khomo ndi khomo, amathandiza pa sikelo ya ana, komanso amaphunzitsa anthu za matenda a BP ndi shuga. Popeza amafika kogona atatopa, ambiri amaganiza kuti thupi lalandira zonse zofunika kuti likhale lolimba, koma kutopa si umboni wa nyonga.

Mu 1985, Caspersen, Powell ndi Christenson anasiyanitsa zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza polankhula. Kutakataka kwa thupi ndi kusuntha kulikonse kumene minofu imachita n'kudya mphamvu, monga kutunga madzi, kulima kapena kupalasa njinga. Masewera olimbitsa thupi ndi gawo chabe la kutakatakako, lomwe limakonzedwa mwadala, limatsata ndondomeko ndiponso limabwerezedwa ndi cholinga chowonjezera kapena kusunga mphamvu. Nyonga ndi chimene munthu amatsala nacho m'thupi, ndipo imayezeka.

Akatswiri amagawa nyonga yokhudza thanzi m'mbali zisanu, ndipo apa ndi pamene wophunzira woyenda mitunda italiitali amanyengeka. Kuyenda mwandawala kumakulitsa kupirira kwa mtima ndi mapapo, kutanthauza kuthekera kotumiza mpweya wabwino ku minofu kwa nthawi yaitali popanda kuchita wefuwefu. Kuyendako sikuwonjezera kwenikweni mphamvu ya minofu, yomwe ndi kukula kwa katundu amene minofu inganyamule kamodzi, kapena kupirira kwa minofu ya pamimba ndi pamsana, komwe kumalola munthu kuwerama ndi kuweramuka kambirimbiri osafooka. Sikufewetsanso malo okumanirana mafupa kuti azipindika ndi kutambasuka mokwanira. Chikhalirecho, mbali zimenezi ndi zomwe namwino amazidalira potembenuza wodwala amene wagona pa mphasa m'nyumba yopanda bedi, kapena pomukweza pa machira, ndipo kupweteka kwa msana ndi limodzi mwa mavuto ofala kwambiri pakati pa anamwino padziko lonse. Ndondomeko yolimbitsa thupi imene ingasiye masewera onjuta, okankha thupi ndi manja kuchokera pansi ndiponso owongola minofu yakumbuyo kwa ntchafu ndiye kuti yanyalanyaza malo amene ntchitoyi imapweteka kwambiri. Mbali yachisanu ndi kuchuluka kwa mafuta poyerekeza ndi minofu ndi mafupa.

Ndondomeko ya masewera imalembedwa monga momwe amalembera mankhwala, potchula kangati pa sabata, molimba bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji ndiponso masewera amtundu wanji. Malangizo a World Health Organization a 2020 amati munthu wa zaka 18 mpaka 64 azitakataka mwapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena mwamphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, kuwonjezera pa masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu. Kusiyanitsa zapakatikati ndi zamphamvu sikulira makina, chifukwa munthu amene akutha kulankhula koma sangathe kuimba ali pakatikati, pamene amene sangamalize chiganizo osapumira wafika pa zamphamvu. Wophunzira wodziwa kuwerenga kugunda kwa mtima pa mkono angachotse zaka zake pa 220 kuti apeze, mongoyerekeza, malire a kugunda kwa mtima wake pa mphindi. Katundu ndi nthawi ziyenera kuwonjezedwa pang'onopang'ono, ndipo nyonga imatsika msanga munthu akasiya, zomwe zimachitika kwambiri m'nyengo ya mayeso.

Chiwerengero cha BMI, chomwe chimapezeka pogawa makilogalamu a munthu ndi msinkhu wake m'mamita wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo, chimaonedwa choyenera pakati pa 18.5 ndi 24.9, ndipo 30 kupita m'mwamba ndi kunenepa kopyola muyezo. N'chothandiza pofufuza anthu ambiri pamudzi, koma sichisiyanitsa mafuta ndi minofu, moti wophunzira wochepa thupi angakhale ndi BMI yabwino pamene msana wake sungathe kunyamula wodwala bwinobwino.